Tonse tikufuna lupanga, nanga healer akhala ndani?



Anthu atatu akagwirizana kuti ayambire limodzi World of Warcraft Classic, kuchoka pa level 1 mpaka 60, mkangano woyamba sudikira kuti afike m'dungeon. Umayambira pa sikirini yoyamba, pomwe aliyense akusankha class yake. Wina watenga Rogue chifukwa amabisala n'kubaya chakumsana. Wina watenga Hunter chifukwa ali ndi uta komanso chiweto chomumenyera nkhondo. Wachitatu akuyang'ana Mage, uja woponya moto ndi madzi oundana. Kenako pa gulu la WhatsApp wina amafunsa kuti, "Nanga healer akhala ndani?" Basi pamagwa zii. Aliyense wawerenga, palibe akuyankha.

Zii ameneyu ndi amene ndikufuna tikambirane, chifukwa ndikuona kuti mkati mwake muli funso la chilungamo.

Kwa amene simusewera, ndifotokoze pang'ono kuti tiyendere limodzi. Gemuyi inatulutsidwa ndi kampani ya ku America ya Blizzard mu 2004, ndipo mu Ogasiti 2019 anabwezeretsa mtundu wake wakale, womwe amautcha Classic. Muli ma class 9. M'dungeon mumalowa anthu asanu: tank mmodzi, healer mmodzi, ndi atatu a DPS. Tank ndi uja amavala zida zolemera n'kuima kutsogolo kuti zilombo zizimenya iyeyo. Healer amaima kumbuyo, maso ali pa timizere tosonyeza moyo wa anzake, n'kumabwezeretsa pomwe pachepa. A DPS ntchito yawo ndi kupha msanga. Gemu imawerengera chamumtima kuti ndani wakwiyitsa chilombo kwambiri, zomwe osewera amati aggro, ndipo chilombo chimathamangira ameneyo. Kumenya kumakwiyitsa, kuchiritsa nakonso kumakwiyitsa. Ndiye tank akalephera kugwira mkwiyo wa chilombo, chimamusiya n'kulunjika kwa healer yemwe wavala nsalu chabe. Healer akagwa, tank sachedwa, ndipo otsalawo amatsatira mphindi isanathe.

Kukoma kwa nkhaniyi kumaoneka bwino pa anthu awiri kapena atatu amene akukwera ma level limodzi. Warrior akakhala yekha mu Classic amavutika zedi. Alibe njira yeniyeni yodzichiritsira, ndiye akapha zilombo ziwiri kapena zitatu amakhala pansi kudya kapena kumanga bandeji. Priest naye akakhala yekha amapha mochedwa, ndipo mana ake, omwe ndi mafuta a mphamvu zake, amatha. Koma awiriwa mukawaphatikiza zinthu zimasintha. Warrior saimanso kuti apume, priest samenyedwanso. Salimbirananso zovala, popeza wina amavala zachitsulo, wina zansalu. Mukawonjezera Mage, amapanga yekha madzi ndi chakudya cha gulu, ndipo zilombo zikabwera zambiri amasandutsa chimodzi nkhosa kuti chidikire kaye. Vuto lake n'lakuti Mage ndi Priest onse amavala nsalu, ndiye mkanjo wabwino ukagwa pamakhala kuyang'anizana. Ma Rogue awiri ndiye musanene: mpeni umodzi, anthu awiri, onse akuufuna ndi mtima wonse. Kusiyana kwa ntchito sikungothandiza kupha msanga, kumachepetsanso kaduka.

Ngati zili zoonekeratu chonchi, bwanji anthu ambiri amathamangirabe DPS? Yankho n'losavuta. Ntchito ya DPS imaoneka. Manambala akuluakulu amatuluka pamutu pa chilombo, ndipo pali timapulogalamu towonjezera ngati Recount ndi Details tomwe timandandalika mayina kuti ndani wamenya kwambiri. Healer akagwira bwino ntchito yake, palibe chimachitika. Palibe wafa, basi. Ndipo palibe amene amathokoza chifukwa cha chinthu chomwe sichinachitike. Koma wina angofa kamodzi, funso loyamba limakhala lakuti healer anali kuti. Opanga magemu amazidziwa bwino izi. Mu gemu yaikulu ija, osati Classic, Blizzard anaikamo njira yopezera gulu mwa makina kumapeto kwa 2009, ndipo a DPS ankadikira nthawi yaitali pamzere pamene tank ankalowa pompo. Mu 2011 anachita kuikamo mphoto yapadera, Call to Arms, yonyengerera anthu kuti atenge udindo womwe ukusowa. Final Fantasy XIV nayo ili ndi zofanana, amati Adventurer in Need. Taganizani, mpaka kampani kulipira anthu kuti athandize anzawo pa masewera.

Amene tinadutsa ku madrasa tikuidziwa nkhani imeneyi ndi dzina lina. Tinaphunzira kuti pali fardh ain, yomwe ili pakhosi pa munthu aliyense payekha ngati swala zisanu, ndipo pali fardh kifaya, yomwe ili pakhosi pa gulu lonse: ena akaichita onse apepukidwa, koma ikasiyidwa ndi onse, onse ali ndi mlandu. Chitsanzo chomwe maustadhi amakonda ndi kusambitsa maliro ndi kuwaswalira. Imam Al-Ghazali, yemwe anamwalira mu 1111, anapita nayo patali m'buku lake la Ihya Ulum al-Din. Anaika udokotala ndi masamu m'gulu la fardh kifaya, ndipo anadandaula kuti m'mizinda yambiri ya nthawi yake munalibe dokotala wa Chisilamu, pamene anthu ophunzira mikangano ya fiqh anali mbwee. Chifukwa chake anachitchula mosapsatira: fiqh inkatsegula khomo la uweruzi, maudindo ndi ulemu, pamene udokotala sunkatero. Zaka zoposa 900 zapita, koma funso lake ndi lomwe lija la pa WhatsApp. Ochiritsa akusowa chifukwa aliyense akufuna malo oonekera.

Ndisamveke molakwika. Sindikunena kuti kusewera Priest ndi fardh, kapena kuti wosankha Rogue wachimwa. Gemu ndi gemu, ndipo dungeon ikalephereka palibe amene akafunsidwe nazo pa tsiku la Qiyama. Chomwe ndikubwereka ku fiqh ndi kaganizidwe kake. Ma ulama amati fardh kifaya imasanduka fardh ain pamene watsala munthu mmodzi yekha amene angathe kuichita. Ngati m'mudzi monse wodziwa kusambitsa maliro ndi mmodzi, sangathenso kunena kuti ena achita. Apa ndi pomwe gulu laling'ono limasiyana ndi lalikulu. Mu raid ya anthu 40, iwe ukasankha Rogue palibe amamva kulemera kwake. Pa anthu atatu, awiri akangolengeza kuti atenga DPS, wachitatuyo samusiyira chosankha. Amusandutsira kifaya kukhala ain popanda kumufunsa. Wosankha koyamba wadya ufulu wa wosankha pomaliza, ndipo kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti wadya kanthu. M'maso mwake wangosankha zomwe amakonda.

Ndipo womaliza uja timamudziwa. Amakhala wofatsa uja, wamanyazi, wamng'ono pa gulu, kapena amene wabwera kumene ndipo akuopa kuti akakana amusiya. Pakakhala mlongo pa gulu, ena amangoganiziratu kuti healer ndi iyeyo, ngati kuti anabadwa nazo. Izi sizachilendo kwa ife. Pa misonkhano yathu ya achinyamata ofuna maikolofoni ndi ambiri, koma mayina a okatunga madzi, oyala mikeka ndi otsuka mapoto pambuyo pa iftari amakhala omwe omwewo chaka ndi chaka. Timawayamika kuti ndi odzipereka. Mwina n'zoona. Koma mwinanso sitinawafunsepo.

Pali mbali ina yomwe siyenera kuponderezedwa. Munthu akhoza kunena kuti: ndalipira pafupifupi madola 15 pa mwezi, ndagula bandulo ndi ndalama yomwe ndikanadyera, ndatopa ndi makalasi tsiku lonse, ndiye ndibwere pano kudzagwiranso ntchito yomwe sindiikonda? Mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo ine ndimawavomereza pa gawo lalikulu. Cholinga cha masewera ndi kupuma. Munthu amene wakakamizidwa kukhala healer amasewera mokoka miyendo, amayamba kusowa pa nthawi yomwe munagwirizana, ndipo isanafike level 30 amangozimiririka. Mu Classic sungasinthe class, umayenera kuyambiranso munthu watsopano pa level 1. Ndiye gulu lomwe linamangidwa pa kukakamiza limagwa pakati pa njira, maola onse aja atapita kale. Kudzipereka kokakamizidwa sikufika patali, ndipo pa niyyah palibe chomwe mwiniwake wapindula.

Ndiye yankho langa silakuti aliyense asiye zomwe amakonda. Ndi lakuti katunduyo atchulidwe dzina, aikidwe pakati, anthu akambirane asanasankhe. Shura imeneyo. Sitikuifuna pa nkhani za boma zokha, imayambira pa tinthu ting'onoting'ono ngati timeneti. Hadith ya kwa Abu Dawud imatiphunzitsa kuti ngakhale anthu atatu okha akakhala pa ulendo asankhe mmodzi wowatsogolera, kusonyeza kuti kagulu kakang'ono nakonso kamafuna dongosolo loyankhulidwa pakamwa. Ndipo mukakambirana mumapeza kuti njira zapakati zilipo zambiri. Priest wa Shadow amamenya ndithu poyenda kunja, koma amatha kuchiritsa bwinobwino m'madungeon oyambirira ngati Deadmines kapena Wailing Caverns. Warrior wa Arms akhoza kusunga chishango m'chikwama n'kuchitulutsa polowa m'dungeon. Druid amasanduka chimbalangondo n'kukhala tank, amasanduka mphaka n'kumenya, amachiritsanso, ndiye pa anthu atatu amatseka mpata uliwonse womwe watseguka. Ku mbali ya Alliance kuli Paladin, ku Horde kuli Shaman. Mu Final Fantasy XIV n'zophwekerapo, popeza munthu mmodzi yemweyo amatha kusintha ntchito, ndiye mukhoza kumasinthana. Koma zonsezi zimatulukira pokhapokha wina atafunsa kuti, "Iwe ukufuna chiyani kwenikweni?" Akafunsidwa mwaulemu, ena amapezeka kuti amakonda uhealer ndithu. Alipo ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wasankha yekha, ndipo anzake akudziwa kuti ali naye ngongole ya zikomo.

Hunter ndiye amandisangalatsa pa nkhaniyi. Ndi class yomwe imakwera ma level mosavuta yokha: chiweto chikugwira chilombo, iye akulasa ali patali. Sasowa munthu. Ndipo osewera ambiri a Hunter amafika m'dungeon yoyamba asanaphunzirepo kusamala za wina, ndiye chiweto chimathamangira kukadzutsa zilombo za chipinda china gulu lonse n'kuthera pomwepo. Mbiri yawo yoipa inachokera pamenepa. Class yake ilibe vuto. Vuto ndi zomwe kusasowa anthu kumachita pa munthu, zomwenso Surat Al-Alaq imatichenjeza. Akulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo apa mwambiwo wakwanira mpaka ndi nyama yake yomwe.

Koma kufunitsitsa kuthandiza nakonso sikokwanira. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Abu Dharr, Allah asangalale naye, yemwe anapempha udindo kwa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ndipo Mtumiki sanamupatse. Anamuuza mwachikondi kuti alibe mphamvu za udindowo, ndipo udindo ndi amana. Abu Dharr anali swahaba wa imani yolimba, koma imani ndi luso la ntchito inayake ndi zinthu ziwiri. Kwa ife osewera tili kuno, izi zili ndi tanthauzo lenileni. Gemuyi ilibe ma seva ku Africa, timalumikizana ndi a ku Ulaya, ndiye chomwe wadina chimachedwa pang'ono kufika. Ngati netiweki ya kwanu imadukaduka, kapena dera lanu magetsi amazima madzulo ndipo laputopu yanu batire inafa, kuvomera utank kapena uhealer chifukwa chofuna kuoneka wabwino ndi kuika anzanu pa ngozi. Wa DPS akaduka, gulu limapirira. Healer akaduka pakati pa nkhondo, zatha. Pamenepo munthu wa chilungamo ndi amene akunena kuti, "Abale, ine ndipatseni Mage, netiweki yanga siyodalirika." Kusankha DPS kumeneko n'kwa ulemu kuposa kudzipereka kwabodza.

Palinso kachinthu kena mu Classic komwe ndimakakonda chifukwa kamaphunzitsa zambiri. Priest ali ndi mphamvu yotchedwa Power Word: Shield, yomwe imakuta mnzake kuti zikwapu zisamulowe. Priest watsopano amaiponya pa Warrior nkhondo isanayambe, ndi mtima wabwino zedi. Koma Warrior amapeza rage, mafuta a mphamvu zake, pomenya ndi pomenyedwa. Zikwapu zikamathera pa chishango cha Priest, rage yochokera ku kumenyedwa siibwera, ndiye amalephera kugwira aggro, zilombo n'kumusiya kupita kwa Priest yemwe uja. Thandizo lasanduka chopinga. Kuti ukwanirane ndi mnzako uyenera kudziwa mmene class yake imagwirira ntchito, osati yako yokha. Angati mwa ife timathandiza anthu ndi zomwe ifeyo tikuganiza kuti akusowa, osawafunsa?

Tsopano tinene kuti mwagawana bwino. Mayeso otsatira ndi kukhala pamalo pako zinthu zonyezimira zikayamba kugwa. Katundu wabwino akagwa, gemu imakupatsa mabatani a Need ndi Greed: ndikuchisowa, kapena ndikungochifuna. Palibe amene angaone mumtima mwako. Ukhoza kudina Need pa lupanga lomwe class yako siligwiritsa ntchito kwenikweni, n'cholinga chokaligulitsa, pamene tank wanu akumenyabe ndi lakale. Ukhozanso kusiya kuyang'ana moyo wa tank chifukwa waona bokosi la chuma pakona. Sindikufuna kuyerekeza maswahaba ndi masewera, Allah anditeteze ku zimenezo, ndipo Surat Al Imran imanena momveka kuti Allah anawakhululukira. Koma phunziro la Uhud linasungidwa kuti tiliphunzire. M'chaka cha 3 cha Hijra, mu 625, Mtumiki anaika oponya mivi 50 pa kaphiri pansi pa Abdullah ibn Jubayr, n'kuwalamula kuti asachokepo zivute zitani. Ataona kuti adani akuthawa ndipo anzawo akutola katundu wa pankhondo, ambiri anatsika. Khalid ibn al-Walid, yemwe nthawi imeneyo anali asanalowe Chisilamu, anazungulira ndi apakavalo n'kulowera pa mpata womwewo. Asilamu pafupifupi 70 anaphedwa, mmodzi mwa iwo Hamza. Ntchito ya oponya mivi aja inali yofanana ndi ntchito zonse zoteteza: ikamayenda bwino imaoneka ngati kungokhala, anzako akupindula.

Kuyambira mu Ogasiti 2023 kuli ma seva a Hardcore, komwe munthu wako akafa kamodzi wapita, ngakhale Priest sangamudzutse. Kumeneko nkhani ya amana imasiya kukhala yongokamba. Mnzako wathera masabata angapo pa Warrior wake, ndipo moyo wa Warrior ameneyo uli pa chala chako. Ukayankha foni pakati pa nkhondo, wataya nthawi ya munthu yomwe sungamubwezere. Zilombozo n'zabodza, koma maola ake ndi enieni.

A healer nanunso musamasuke kwambiri. Udindo wanu uli ndi matenda ake. Pali healer amene amakumba anzake tsiku lililonse kuti popanda iye sakanafika pomwe ali. Pali amene amasiya dala wa DPS kuti afe, ati aphunzire. Pali amene amadziwa kuti akusowa, ndiye amalamula gulu lonse ndi chiopsezo chochoka. Riya siili pa mndandanda wa Recount pokha. Imatha kubisala bwino kwambiri mwa munthu amene amadziwika kuti ndi wodzichepetsa, ndipo kumeneko imavuta kuigwira chifukwa aliyense akumuyamika.

Nkhani ya liwiro ndiyo imapha magulu ambiri mwakachetechete. Mwagwirizana kukwera limodzi, koma mmodzi ali pa holide, wina ali pa mayeso. Wa pa holide uja amati angochitako ma quest awiri okha, pofika Lachisanu wapitirira ndi ma level asanu. Gemu imachepetsa zomwe wotsalira amapeza akamayenda ndi wa level yapamwamba, ma quest sakufanananso, ndipo Priest amene anasankha class yochedwa chifukwa cha gulu watsala yekha ndi kandodo kake. Uku ndiye kuphwanya lonjezo kwenikweni, ndipo lonjezo lili ndi hukmu ngakhale likhale la pa masewera. Tikukumbuka Mu'adh ibn Jabal, Allah asangalale naye, atatalikitsa swala ya Isha mpaka munthu wina wotopa ndi ntchito anachoka pa swafu, Mtumiki anadzudzula Mu'adh, osati munthuyo. Wotsogolera amayeza liwiro ndi amene ali kumbuyo kwake. Njira yake pa gemu n'njosavuta: munthu wa gulu asaseweredwe pokhapokha nonse mulipo, ndipo amene ali ndi nthawi yambiri apange wina wapadera, Hunter ngati akufuna, azithamanga naye yekha.

Ndikudziwa kuti ena mayina awa akuwasokosera: Priest, Shaman, makamaka Warlock amene amaitana ziwanda. Ine sindipereka fatwa pa tsamba lino, funso limenelo mupite nalo kwa masheikh amene mumawadalira. Chomwe ndinganene n'chakuti ngati m'bale pa gulu lanu wati mtima wake sukumulola kusewera class inayake, zimenezo zilowe m'kukambirana ngati chifukwa chomveka. Musamuseke, ndipo musamuuze kuti gulu likusowa Warlock ndiye apirire. Healer akhoza kukhala Druid, malo a Warlock akhoza kutenga Mage.

Chomaliza choti mugwirizane pa tsiku lomwelo losankha ma class ndi nthawi. Deadmines imatha kudya ola lathunthu kapena kuposa, ndipo Blackrock Depths imatha kumeza madzulo onse. Gemu yapa intaneti ilibe batani loimitsa, ndipo tank ndi healer ndi amene amamangika kwambiri, chifukwa akachoka iwo onse aima. Nthawi ya Maghrib ndi yaifupi. Ngati gulu ndi la Asilamu okhaokha, yang'anani nthawi ya swala musanalowe, lowani pambuyo pa Isha kapena gwirizanani malo otetezeka oti nonse muime. Ngati awiri owonjezera aja mwawapeza pa seva ndipo si Asilamu, auzeni poyambirira kuti pa nthawi yakuti mupuma mphindi khumi. Ambiri savuta, nawonso amafuna kukamwa madzi. Ndipo tank ndi amene azinena zimenezi, popeza ndi iye amayambitsa nkhondo iliyonse: akaima iye, palibe chilombo chimene chimabwera.